Kutentha kapena maginito: njira ziwiri zosunthira frequency ya metamaterial

Superconductor ndi chinthu chimene chikazizira kwambiri chimadutsitsa magetsi popanda kuwatsekereza. Metamaterial ya superconductor ndi timphete ting'onoting'ono ta chitsulo cha niobium kapena YBCO (msanganizo wa yttrium, barium, kopa ndi oxygen) tondandalikidwa pa chipu, tomwe timayankha mwamphamvu mafunde a microwave pa frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) inayake. Nanga mukafuna kuisuntha frequency imeneyo?

Njira yapafupi ndi kutenthetsa pang'ono. Niobium imasiya kukhala superconductor pa 9.2 K (K ndi kelvin, muyeso wa kutentha woyambira pa kuzizira kotheratu), YBCO cha m'ma 92 K. Mukamayandikira malire amenewa, ma elekitironi oyenda awiriawiri, omwe amanyamula magetsi mu superconductor, amachepa, inductance (kukana kwa kamphete kuti magetsi asinthe msanga) imakwera, frequency n'kutsika. Tsoka lake, mphamvu yotayika imachulukanso, ndipo kutentha sikusintha msanga. Ubwino wa YBCO pano ndi wakuti nitrogen yamadzi, ya 77 K, imakwanira kuiziziritsa.

Njira inayo ndi kuika Josephson junction (kachotchinga kopyapyala kwambiri pakati pa mbali ziwiri za superconductor) m'kamphete kalikonse kuti kakhale SQUID, kachipangizo komva ngakhale mphamvu ya maginito yofooka kwambiri. Apa mphamvu ya maginito yochepa chabe imasuntha frequency patali, mofulumira kwambiri, chipangizo chili chozizira momwemo. Kwa ine iyi ndiyo yoposa, koma imafuna chisamaliro. Ngakhale maginito a dziko lapansi amaisokoneza, choncho pamafunika chotchingira. Komanso timphete mazanamazana tija tikasiyana pang'ono popanga, kalikonse kamayimba nyimbo yakeyake pa frequency yosiyana, kuyankha kwa metamaterial yonse n'kufooka.