Ndinaona madzi akuyenda mu mkono wanga

Abale anga kumudzi, ndamva kuti chithunzi ndinatumiza chija chinakudetsani nkhawa, makamaka inu amayi. Mizere munaiona pamkono ija sinali mabala ayi. Inali inki, adokotala anajambula ndi cholembera kuti adziwe pocheka. Lekani ndikufotokozereni bwino.

Mukukumbukira kuti atandichita opaleshoni ya khansa ya m'mawere anachotsanso anabele a m'khwapa. Patatha chaka ndi theka, mkono wakumanzere unayamba kulemera. Wotchi inkasiya chidindo pakhungu, kenako mphete inakana kuvuka. Matendawa kuno amawatchula kuti lymphedema. M'thupi, kupatula mitsempha ya magazi, muli timitsempha tina tonyamula madzi oyera otsala m'minofu n'kuwabwezera m'magazi, ndipo timadutsa mwa anabele aja. Anabele akachotsedwa, njira imaduka, madzi n'kumadikha mumkono.

Pali opaleshoni yolumikiza kamtsempha ka madzi ndi kamtsempha ka magazi kapafupi, kuti madziwo apeze potulukira. Amene anaitchukitsa ndi dokotala wa ku Japan, Isao Koshima. Koma timitsemphati n'tating'ono kwabasi, tambiri sitikwana ngakhale milimita imodzi, ndipo sitioneka ndi maso. Ndiye asanagwire mpeni amayamba atifufuza.

Tsiku loyezalo namwino anandifunsa kaye ngati thupi langa limadana ndi ayodini, poti mankhwala ake ali ndi ayodini pang'ono. Kenako anandibaya kajakisoni pakati pa zala, kulowetsa utoto wobiriwira wotchedwa ICG. Kanawawa ngati mbola ya njuchi, koma kwa kanthawi kochepa. Anazimitsa magetsi, adokotala n'kuyamba kuyendetsa kamera yapadera pamwamba pa khungu. Ndi maso ndinkangoona kadontho kobiriwira pachala, koma pa kanema wa kompyuta panaoneka timizere toyera, towala, tikukwera pang'onopang'ono kuchoka kudzanja. Ndinagwira pakamwa. Kamzere kena kankaima, kenako n'kusuntha, ngati kakupuma.

Titafika pafupi ndi chigongono, mizere ija inatha. M'malo mwake panali timadontho tambirimbiri tomwazika ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi. Ndinati ndi zokongola. Adokotala anandiuza mofatsa kuti pamenepo ndiye pamene pali vuto, madzi asowa njira ndipo akubwerera kukhungu. Kumtunda kwenikweni kunangoti mbuu ngati chifunga, kusonyeza kuti timitsempha takumeneko tinawonongeka kale. Misozi inalengeza, pakuti ndinakumbukira miyezi yonse ndinkangodziuza kuti kutupaku kuphwera kokha.

Kamera imeneyi ili ndi polekezera, imaona sentimita imodzi kapena ziwiri pansi pa khungu basi. N'chifukwa chake anandiyezanso ndi makina a ultrasound amphamvu kwambiri, kufuna kuona ngati pafupi ndi kamzere kalikonse pali kamtsempha ka magazi kolingana nako kukula. Pamene ziwirizi zakumana, ankaikapo chizindikiro. Anapeza malo atatu. Mayi wina amene tinakhala limodzi podikirira anamuuza kuti kwa iye njira imeneyi yachedwa, chifukwa mkono wake unali utadzaza kale mafuta olimba m'malo mwa madzi, ndipo chimene chingathandize n'kuwapopa mafutawo. Nkhope yake sindiiiwala.

Opaleshoni yanga anaichita ndili maso, anangochititsa dzanzi malo ochekawo. Mabala ake ndi atatu, lililonse pafupifupi masentimita 2. Adokotala anakhala maola angapo atawerama pa maikulosikopu, akusoka ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi.

Amayi, sindinachire kotheratu, ndipo anandiuziratu kuti sizikhala choncho. Ndimavalabe chovala chothina cha mkono tsiku lililonse, ndimadzola mafuta kuti khungu lisang'ambike, ndipo ndikangodzicheka ngakhale pang'ono ndimatsuka msanga kuopa matenda a pakhungu amene amakonda mkono wotupa. Koma kulemera kuja kwachepa, usiku ndikugona osasowa poika mkono.

Achemwali, munanditsina khutu kuti mnzanu uja anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere ngati yanga ija wayamba kudandaula kuti malaya akumuthina mkono umodzi. Chonde musamulole adikire. Apite kuchipatala sabata ino, ndipo akawauze adokotala za anabele anachotsedwa aja.