Chipatala choyang'ana pamene ine sindimva

Amene munavulala msana, kapena mukusamalira wovulala, ndikuuzeni za chipatala china chaching'ono kuno ku Kasungu komwe ndimapita mwezi ndi mwezi ngakhale ndisakudwala. Ine inandigwera ngolo ya fodya, moti kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi sindimva kanthu.

Chondikokera kumeneko ndi anesi ena achikulire. Satayira nthawi pa funso loti "pakupweteka ndi pati?" poti akudziwa kuti thupi langali silinena. Amandigoneka n'kuyang'ana m'matako, m'chiuno, pakafupa ka kumunsi kwa msana ndi ku zidendene. Pakafiira amadinapo ndi chala. Pakapanda kusintha mtundu, ndiye kuti chilonda chayambika, ndipo amandiletsa kukhalira mbali imeneyo mpaka pachire. Ndi iwo anakhazika pansi mayi akunyumba n'kuwauza kuti azinditembenuza pakatha maola 2 alionse ndikagona, ndipo ndikakhala pa njinga ya olumala ndizidzinyamula pakapita mphindi 15 mpaka 30. Za mbaula mu Juni anandikalipira ndithu: mwendo umapsa mwini wake akucheza.

Paipi ya mkodzo amasintha mwaukhondo. Thupi likatentha sathamangira kunena kuti ndi malungo. Amayeza magazi, komanso amafunsa ngati mkodzo wayamba kununkha kapena miyendo ikudumpha kuposa masiku onse, chifukwa kwa ife matenda a m'chikhodzodzo amabwera choncho. Chachikulu anandilembera m'kabuku ka kuchipatala: kwa ovulala kumtunda kwa msana, mutu waukulu wadzidzidzi ndi thukuta kumaso ndi chizindikiro choti BP yakwera moopsa. Osagona, khalani tsonga, masulani zothina, onani ngati paipi yapindika kapena mwadzimbidwa. Zikapitirira, thamangani kuchipatala.

Zodandaula zilipo. Bedi loyezerapo ndi lalitali, mpaka afike amuna awiri kudzandinyamula ngati thumba la chimanga, anthu akuonerera. Khomo la chimbudzi njinga silowa. Mapaipi amatha, ndiye timakagula ku famase kuboma. Ndipo anesiwa akapita kutchuthi, otsalawo amangolemba panado osandivula ngakhale sokosi.

Ngati mukupita, lawirani mzere usanatalike, tengani kabuku ndi khushoni yanu kuti aione ngati yafwifwa, ndipo nenani nokha kuti mwabwera kudzaonetsa khungu ndi paipi.