Famase ya pa Chitakale yomwe inakana kundigulitsa makapisozi

Kwa miyezi 8 tsopano ndakhala ndikugula mankhwala a kuthamanga kwa magazi a mayi anga pa famase ina ya pa Chitakale, makamaka nthawi zomwe kuchipatala atiuza kuti mankhwalawo atha. Chomwe chinandimangirira pamalopa ndi zimene zinachitika m'mwezi wa June, chiperoni chitakuta phiri lonse la Mulanje, mwana wanga atatentha thupi ndi kukhosomola masiku awiri. Ndinapempha makapisozi a amoxicillin monga ambirife tinazolowera, koma mayi wogulitsa anayamba wandifunsa kabuku ka kuchipatala. Nditanena kuti sindinapiteko, anandiyankha mofatsa kuti, "Pepani mayi, amenewa sitipereka dokotala asanalembe. Pitani naye akamuyeze kaye magazi." Ndinatuluka nditakhumudwa, koma atamubaya chala kuchipatala anamupeza ndi malungo, ndipo anamupatsa LA, mankhwala omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansidar. Makapisozi aja sakanachiza malungo, ndipo ine ndikanataya masiku ena ndikudikira kuti mwana apeze bwino.

Mukangolowa, maso amagwera pa chiphaso chomwe anachipachika pakhoma kuseri kwa kauntala. Chiphasocho ndi cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo ntchito yake ndi kuvomereza mankhwala asanayambe kugulitsidwa, kupereka ziphaso kwa ogulitsa, kuyendera malo awo ndi kuchotsa pamsika mankhwala omwe apezeka ndi vuto. Pa famaseyi zikuoneka kuti malamulowo amawatsatira ngakhale woyendera kulibe. Insulin, mankhwala a matenda a shuga, amamusunga mufiriji yolumikizidwa ku sola kuti magetsi akazima asawonongeke, ndipo wogulitsa asanakulungire paketi amaitembenuza n'kukulozerani ndi chala tsiku lomwe mankhwalawo adzathe mphamvu. Kwa mayi anga, omwe maso awo sakuonanso bwino zilembo zing'onozing'ono, amajambula kadzuwa pa envelopu ya mapiritsi a m'mawa ndi kamwezi pa a usiku.

Zimenezi sindiziona ngati zazing'ono, chifukwa pa masiku a msika m'boma muno mumapezeka anthu atayala mapiritsi padzuwa, ena odulidwadulidwa opanda dzina kapena tsiku. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala achinyengo kapena osakwanira mphamvu, ndipo mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia atamwa mankhwala a chifuwa amadzimadzi omwe munali poizoni. Atsogoleri a bungwe loyang'anira mankhwala amasinthana mipando ku Lilongwe, ndipo ife akuno mayina awo sitiwasunga, koma pempho langa kwa aliyense wokhala pampandowo ndi loti oyendera asamathere pa masitolo a ziphaso okha, azifikanso m'misika ya ku Limbuli, Muloza ndi Nkando komwe anthu ambiri amagulako.

Zodandaula ziliponso. Mitengo yake ndi yoboola m'thumba, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 wogwira ntchito yothyola tiyi sangakwanitse mankhwala a mwezi wathunthu nthawi imodzi, ngakhale kuti amalola kugula a sabata imodzi popanda kukunyogodolani. Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi kuchepa kwa chipinda. Benchi ndi imodzi yokha ndipo ili pafupi ndi kauntala, kotero kuti munthu akamafotokoza vuto lake onse odikira amamva. Ndinaonapo mtsikana wina akubwerera pakhomo atapeza abambo atatu atakhala pabenchipo, ndipo ndikukhulupirira kuti kachipinda kapadera, ngakhale kotchinga ndi nsalu chabe, kakanamuthandiza kulankhula momasuka.

Lamulungu amatseka masana, choncho amene akuchokera kutali ayesetse kufika m'mawa, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo risiti amapereka musanaipemphe.