Adiresi ya IP pa rauta: kulemba nokha kapena kusiyira DHCP?

Alamu anga ali ndi kashopu kosindikiza mapepala ku Kamwala. Muli makompyuta atatu, printa imodzi yaikulu, makamera anayi ndi Wi-Fi ya makasitomala. Tsiku lina magetsi anazima masana, ndipo atabwera makompyuta onse anayamba kunena kuti printa kulibe. Anthu anali pamzere, ena atagwira makalata ofunsira ntchito. Foni yanga inalira: "Alamu, tabwerani msanga, printa yafa."

Printa inali yamoyo, chingwe chili m'malo mwake. Chimene chinasintha ndi adiresi yake ya IP, nambala imene chipangizo chilichonse chimadziwika nayo pa netiweki. M'mawa inali pa 192.168.0.105, ndipo makompyuta ankaifunafuna pomwepo. Rauta, kabokosi kamene kamalumikiza zipangizo ku intaneti, itayakanso inaiwala amene inamupatsa nambala iti, foni ya kasitomala inafika msanga n'kutenga 105, ndipo printa, poti imachedwa kudzuka, inapatsidwa 112.

Umu ndi mmene DHCP, njira imene rauta imagawira yokha maadiresi, imagwirira ntchito, ndipo sindikuinyoza. Chipangizo chikalowa pa netiweki chimafuula kupempha adiresi, rauta imapereka imodzi, chipangizo chimati ndaifuna, rauta n'kutsimikiza. Mauthenga anayi basi, inu musanatsegule n'komwe WhatsApp. Pamodzi ndi adiresiyo chimalandiranso subnet mask (yosonyeza malire a netiweki), gateway (khomo lotulukira ku intaneti) ndi DNS (yomasulira mayina a mawebusaiti kukhala manambala), zonse zolondola. Njirayi inalembedwa koyamba mu 1993, ndipo malamulo ake a mu 1997, otchedwa RFC 2131, ndi amene akugwirabe ntchito. Choyenera kukumbukira n'chakuti adiresiyo ndi yobwereka. Ili ndi nthawi yake, ndipo theka la nthawiyo likakwana chipangizo chimapempha kuti aiwonjezere. Chikachoka osabweranso, nambala imabwerera m'thumba kuti wina aigwiritse ntchito. Kwa mafoni ndi malaputopu a anthu olowa ndi kutuluka, palibe njira ina yanzeru. Ndani angamalembe nambala pa foni ya kasitomala aliyense?

Njira yolemba nokha, imene amisiri amaitcha static, ndi yosiyana. Mumalowa m'chipangizo chenichenicho n'kulemba zinthu zinayi zija ndi manja anu. Ubwino wake ndi weniweni: nambala sisuntha, ndipo chipangizo sichidikira aliyense kuti achipatse. Rauta ikapsa, makamera ndi bokosi lake lojambulira amapitiriza kulankhulana kudzera pa switch, kabokosi kolumikiza zingwe zawo. Kuno kumene magetsi amazimazima, chimenechi si chaching'ono.

Koma static imafuna munthu wosamala, ndipo apa ndi pamene ndaona anthu ambiri akulira. Mukalakwitsa nambala imodzi pa gateway, kompyuta imaona printa bwinobwino koma intaneti ayi, ndipo mumatha tsiku lonse mukuganiza kuti bandulo yatha. Mukalemba nambala imene ili m'gulu la zomwe DHCP imagawa, tsiku lina zipangizo ziwiri zidzapezeka pa adiresi imodzi. Vuto limeneli ndi lowawa chifukwa limabwera ndi kupita: lero zili bwino, mawa kamera yazimiririka, mkuja yabwerera yokha. Palinso nkhani yosamuka. Marauta ambiri a TP-Link amayambira pa 192.168.0.1, a Huawei olowetsa simu pa 192.168.8.1, a MikroTik pa 192.168.88.1. Laputopu imene munailembera static kushopu sidzagwira pa chingwe cha kunyumba ku Chilenje ngati rauta ya kumeneko ili pa nambala zina. Ndipo tsiku limene mudzagule rauta yatsopano, mudzayenda chipangizo ndi chipangizo kukonza, kuphatikizapo kamera imene ili pamwamba pa khoma.

Pali njira yachitatu imene ine ndimaikonda kuposa ziwirizi, ndipo ili kale mu rauta yanu. Pa marauta ena imalembedwa Address Reservation, pa ena Static Lease. Chipangizo chilichonse chili ndi MAC address yake, chizindikiro chimene chimachoka nacho kufakitale, cha zilembo ndi manambala 12, ndipo pa printa mumaipeza pa kapepala komata kumbuyo kapena pa tsamba limene imasindikiza lofotokoza za netiweki. Mumauza rauta kuti MAC iyi izilandira nambala iyi nthawi zonse. Chipangizocho chimakhalabe pa DHCP, simuchikhudza, koma malo ake sasintha. Zonse mumaziona pa tsamba limodzi. Zochenjera nazo ndi ziwiri. Wina akadina kabatani ka reset kumbuyo kwa rauta, mndandanda wonse wapita, choncho sungani backup. Chachiwiri, kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 mafoni amabisa MAC yawo yeniyeni n'kuonetsa yongopeka pa Wi-Fi, ndiye musavutike kusungira mafoni malo.

Tisasokoneze zimenezi ndi static IP yakunja, imene mumapempha kwa kampani yokupatsani intaneti monga Zamtel, Airtel kapena MTN. Imeneyo ndi adiresi ya nyumba yonse pa intaneti. Ife tikukamba za zipinda za m'katimo, zomwe pa subnet mask ya 255.255.255.0 zimakwana 254.

Kwa alamu ndinachita motere. DHCP ndinaiuza kuti izigawa kuyambira 100 mpaka 199 basi. Bokosi la makamera, makamera anayiwo ndi access point yachiwiri (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi) ndinazilembera ndi manja pakati pa 2 ndi 20, kutali ndi gulu lija, chifukwa izi ziyenera kugwira ntchito ngakhale rauta itazima. Printa ndinaisungira 105 yomweyo pa rauta kuti makompyuta asafunikenso kukonzedwa. Zotsala zonse ndinazisiyira DHCP.

Alamu anafunsa kuti, "Nanga zikadzavutanso inu kulibe?" Ndinawaonetsa poonera adiresi pa kompyuta, n'kuwauza kuti akaona nambala yoyamba ndi 169.254 adziwe kuti kompyuta yapempha adiresi koma palibe wayankha, ndiye ayambe ndi kuona rauta ndi chingwe, printa aisiye. Kenako tinatenga kope la ngongole, kutsamba lomaliza tinalemba dzina la chipangizo chilichonse, MAC yake ndi nambala yake. Pa printa tinamata kapepala kolembedwa 105 ndi cholembera chakuda.