Kukaonana ndi katswiri wa maso ouma kunja: adokotala ndi odziwa, koma ofesi yawo samalani nayo

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za adokotala. Ofesi yawo yolandira odwala ochokera m'mayiko ena siyenera ngakhale theka la nyenyezi.

M'phukusi lawo la masiku asanu, limene mumalipiriratu musanakwere ndege, muli kuyezetsa, kuonana ndi katswiri ndi IPL kanayi. Ofesiyo inafunsa pasipoti, tsiku lofika ndi umboni wa kubanki basi. Za mtundu wa khungu ayi, za mankhwala amene munthu akumwa ayi, ndipo kalata ya dokotala wonditumiza, yomwe inapita pa imelo kawiri, sinafike patebulo la katswiri. IPL ndi kuwala kwamphamvu kumene amawalitsa pakhungu la m'munsi mwa zikope ndi m'masaya, pofuna kuchepetsa kutupa ndi kufewetsa mafuta otsekeka m'tiziwalo ta m'zikope. Kuwalako kumayamwidwa ndi melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, choncho khungu lakuda kwambiri, la pa V kapena VI pa muyeso wa Fitzpatrick, likhoza kupsa, kutuluka matuza kapena kutsala ndi zigamba. Adokotala atangondiyang'ana anati, "Pepani bambo, ndi makina athuwa sindingakuchiteni zimenezi." Ndiye ofesi imagulitsa bwanji chinthu chotere kwa munthu amene chithunzi chake ili nacho pa pasipoti?

Choipa chinanso, IPL sachita kanayi m'masiku asanu. Pakati pa kuwalitsa kumodzi ndi kwina pamadutsa masabata awiri mpaka anayi. Ngakhale khungu likanalola, ndikanalandira kamodzi kokha. Mayi wa pa ofesiyo nditamufunsa anangoti zotsalazo ndidzabwerera, ngati kuti tikiti ya ndege ndi viza zimatoledwa pansi. Za kubweza ndalama anayamba wakana, kenako anati nditenge mankhwala a m'sitolo yawo a mtengo womwewo. Zinatheka adokotala atalemba okha kuti chithandizocho chaletsedwa pa zifukwa za chipatala, komabe ndalamazo zinabwera mochedwa ndiponso zoduladula.

Ofesiyo sinanenenso kuti tsiku loyezetsa munthu asadonthezere mankhwala m'maso kwa maola osachepera awiri, asavale ma lens, asadzole kanthu m'zikope. Madontho amanamiza zotsatira, ndiye tsiku loyamba linangopita pachabe.

Mtima unatsika tsiku lachiwiri, chifukwa kuyeza kwake ndi kwenikweni. Anayamba ndi mafunso 12 a OSDI ofuna kudziwa mmene maso akukuvutira, amene kuyambira 33 pa 100 amasonyeza vuto lalikulu. Kenako mchere wa m'misozi, umene umayezedwa diso lisanakhudzidwe ndi chilichonse: 308 mOsm/L kupita m'mwamba, kapena maso awiri akasiyana ndi kuposa 8, ndiye kuti misozi siili bwino. Anadontheza utoto wotchedwa fluorescein n'kuwerenga masekondi kuyambira pa kuphethira mpaka misozi itang'ambika pamwamba pa diso, pansi pa masekondi 10 ndi vuto. Schirmer ndi kapepala kokoleka pachikope cha m'munsi kwa mphindi 5, kakanyowa osafika mamilimita 5 ndiye kuti misozi ikupangidwa yochepa zedi. Anajambulanso zikope atazitembenuza, chimene amati meibography, n'kuonetsa pa kompyuta tiziwalo ta mafuta tamoyo ndi tomwe tinafota. Tofotato sitibwerera, ndipo ananena poyera osakometsera. Zonsezi n'zofuna kusiyanitsa mitundu iwiri ya kuuma: misozi yochepa, ndi misozi youma msanga chifukwa chosowa mafuta. Anthu ambiri ovutika kwambiri amakhala ndi zonse ziwiri. Analamulanso kuyeza magazi, anti-SSA ndi anti-SSB, kufufuza Sjögren, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira tiziwalo ta misozi ndi malovu. Amene m'kamwa mumaumanso, musalole kuchoka osayezedwa zimenezi.

Chomwe ndawalemekezera kwambiri n'chakuti sanathamangire kuika tizitsekero m'timabowo totayira misozi ta pakona ya chikope pafupi ndi mphuno. Ena amaika tsiku lomwelo poti n'zachangu. Iwo anati diso likadali lotupa, kutseka kumangosunga misozi yodzaza ndi zotupitsazo, choncho kutupa kuyambe kwatsika. Analemba madontho ochepetsa kutupa a cyclosporine, amene amapezeka wa 0.05% wodontheza kawiri patsiku kapena wa 0.1% kamodzi usiku. Amaluma poyamba ndipo phindu lake limaoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, n'chifukwa chake ambiri amasiya msanga n'kumati sagwira. Anaphatikizapo madontho a steroid a masabata ochepa, n'kuchenjeza kuti amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, ndiye pakhale dokotala woyeza zimenezo munthu akabwerera kwawo. Madontho onyowetsa akhale opanda mankhwala osungitsa, chifukwa benzalkonium chloride imawononga pamwamba pa diso ukamadontheza kopitirira kanayi patsiku. Kuthowa zikope ndi chofunda cha madigiri pafupifupi 40 kwa mphindi 10, osati kansalu kozizira pakatha mphindi imodzi.

Pa madontho a serum ndiye konzekeranitu. Amapangidwa kuchokera ku magazi a wodwala yemwe, kawirikawiri osungunulidwa kufika pa 20%, ndipo alibe chosungitsa chilichonse. Amakhala oundana pa madigiri 20 pansi pa ziro, kabotolo kotsegulidwa kamakhala mu firiji masiku owerengeka n'kutayidwa. Kupanga kwake kumatenga masiku, ndiye magazi atengedwe kumayambiriro kwa ulendo. Pobwerera pafunika bokosi lozizira ndi kalata ya adokotala yoonetsa pabwalo la ndege. Akatha pafunika magazi ena, choncho ngati kumene mumakhala kulibe labu yopanga, kambiranani kaye ngati kuyamba n'kwanzeru. Ofesi ija, monga mwa khalidwe lake, za bokosi lozizira sinatchule.

Ma scleral lens, aja amakhala pa choyera cha diso n'kusunga madzi amchere a saline pamwamba pa cornea (kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso) tsiku lonse, amathandiza kwambiri ovutika zedi, koma kuyeza, kupanga ndi kukonzanso kumafuna maulendo angapo. Masiku asanu sangakwane, ndipo adokotala ananena okha zimenezo.

Wofuna kupitako alembere katswiriyo mwachindunji, atumize zotsatira zakale ndi mndandanda wa mankhwala onse, kuphatikizapo a chifuwa ndi ziwengo, a nkhawa, ndi isotretinoin wa ziphuphu, poti amenewa amaumitsa maso. Afunse ngati dokotalayo ndi wa cornea ndi pamwamba pa diso, osati wa maso wamba, ndipo alipire kuyezetsa kokha mpaka ataonedwa. Mu ndege mpweya ndi wouma kwambiri, chinyezi chimatsika pansi pa 20%, ndiye madontho akhale m'thumba, ka mphepo ka pamwamba pa mpando katsekedwe. Lipoti lonse ndi zithunzi za meibography mutenge musanatuluke pakhomo. Ine anandilonjeza pa imelo, ndipo zinafika nditakumbutsa kachitatu.