Ndemanga yanga pa ntchito yokonza manambala a osewera mu NHL 24 imene ndinalipira kuno ku Salima

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Edmonton, m'dziko la Canada, atabwera kudzaona abale anandisiyira PlayStation 4 yake pamodzi ndi gemu ya hockey ya pa ayezi ya NHL 24 ya kampani ya EA Sports, imene inatuluka mu October 2023 ndipo pachikuto pake pali Cale Makar wa timu ya Colorado Avalanche. Kuno ku Salima, kumene ayezi timamuona m'mabokosi a ogulitsa nsomba ku Senga Bay basi, hockey ya pa ayezi si masewera amene munthu angakule nawo, koma ine ndinayamba kuitsatira chifukwa cha mlamuyo, ndipo m'mawa uliwonse ndimaonera pa YouTube zidule za masewera a Edmonton Oilers, popeza masewera enieniwo amachitika ife tili m'tulo, nthawi zambiri cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha.

Kuonera kumeneku ndi kumene kunandichititsa kuti ndisakhutire ndi zimene ndinkaona ndikamasewera ndekha. M'masewera enieni a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, timu iliyonse imawombera pagolo pafupifupi ka 30, goloboyi amagwira pafupifupi 9 pa kuwomba 10 kulikonse, ndipo zigoli za matimu onse awiri zikaphatikizidwa zimakhala cha m'ma 6. Pa wailesi yanga ya kanema masewera ankatha 8-6 kapena 9-7, ndipo wosewera wa mzere wachinayi (gulu lotsiriza mwa magulu anayi a osewera akutsogolo amene amasinthana m'bwalo), amene ntchito yake yeniyeni ndi kugunda adani ndi kupumitsa anzake, ankatha kuthamangitsa Connor McDavid, katswiri waliwiro wa Oilers, n'kumupeza. Sindikunena kuti limeneli ndi vuto la gemuyi, chifukwa anthu ambiri amaigulira liwiro ndi zigoli zochuluka, ndipo opanga ake anaikamo njira yoti aliyense asinthe manambala a osewera monga akufunira. Ine ndinkangofuna masewera ofanana ndi amene ndimaonera m'mawa.

Ndinayesa kusintha ndekha, koma ndinalekera pa timu yachiwiri. Ligi ili ndi matimu 32, timu iliyonse ili ndi osewera oposa 20, ndipo wosewera aliyense ali ndi mbali za luso zoposa 20 zimene zimapatsidwa nambala yosapitirira 99. Munthu wogwira ntchito masana sangazimalize. N'chifukwa chake ndinapita nayo kwa mnyamata wina amene amakonza mafoni ndi makina a magemu chakufupi ndi Kamuzu Road, ndipo tinagwirizana K15,000 kuti akonze ligi yonse m'masiku awiri.

Mnyamatayu hockey sankaidziwa ngakhale pang'ono, ndipo anandiuza zimenezi mosabisa, koma anali atazolowera kuchita ntchito yotereyi m'magemu a mpira wamiyendo. Anandipempha kuti ndimubweretsere ziwerengero za osewera enieni, ndipo ndinamusindikizira masamba angapo ochokera patsamba la NHL. Atawayang'ana anaona mwamsanga chinthu chimene ine ndinali ndisanachiganizire. Mu 2022-23 McDavid anapeza mapointi 153 (zigoli kuphatikiza kupatsira kobweretsa zigoli), mwa iwo zigoli 64, pamene osewera ambiri a mzere wachinayi sanathe ngakhale kufika mapointi 20 pa chaka chonse cha masewera 82, komabe manambala awo a liwiro ndi kupatsirana m'gemu anali oyandikana kwambiri ndi a akatswiriwo. "Madala, apa sitikweza aliyense ayi," anatero akuloza papepala ndi sikuludilaiva, "titsitsa awa apansiwa kuti akuluakuluwa aoneke ukulu wawo." Ndikhulupirira kuti ndalama yanga inagwira ntchito pa ganizo limeneli, chifukwa ine ndikanakhala ndikukweza McDavid ndi akatswiri anzake Nathan MacKinnon, Nikita Kucherov ndi Auston Matthews mpaka 99, n'kumadabwa kuti bwanji zigoli zikungochulukirachulukira.

Nambala yaikulu imene imaoneka pafupi ndi dzina la wosewera sanaiganizire konse, popeza imeneyo gemu imaiwerengetsa yokha kuchokera ku manambala ang'onoang'ono, molingana ndi mtundu wa wosewerayo. Iye anagwira mbali zinayi. Anatsitsa liwiro ndi changu choyambira kuthamanga cha osewera a mzere wachitatu ndi wachinayi pamodzi ndi otchinga kumbuyo a matupi akuluakulu, kenaka anatsitsanso luso lawo lopatsirana ndi losunga puck (kachimbale kolowa m'malo mwa mpira m'masewerawa) pandodo. Anachepetsa mphamvu yopirira kutopa pafupifupi kwa aliyense, kuti munthu azikakamizika kusintha mizere pafupipafupi monga zimakhalira pa ayezi weniweni, pamene wosewera sakhalitsa kupitirira mphindi imodzi asanapite kukapuma. Pomaliza anatsitsa nambala ya kudziletsa kwa osewera odziwika ndi nkhanza, ndipo zotsatira zake n'zakuti tsopano oyimbira amatulutsa anthu kwa mphindi 2 kangapo pa masewera amodzi, kotero kuti mwayi wosewera asanu polimbana ndi anayi wasanduka chinthu choyembekezeredwa ndi mtima wonse.

Masewera oyamba ndinasewera ndi mwana wa mlongo wanga, ine ndili ndi Oilers, iye ali ndi Vegas Golden Knights, imene inatenga chikho cha ligiyi, Stanley Cup, mu 2023. M'chigawo choyamba anaponyera puck mwamphamvu kwa wosewera wake wa mzere wachinayi, puck inagunda ndodo n'kudumphira kukhoma, ndipo iye anayang'ana padi yake kutsogolo ndi kumbuyo n'kunena kuti, "Malume, padi iyi yafa, tisinthane." Tinasinthana, ndipo patangopita kanthawi zomwezo zinachitikanso. M'chigawo chachiwiri McDavid analandira puck pakati pa bwalo, anadutsa wotchinga kumbuyo amene anali atatopa chifukwa mwanayo anaiwala kusintha mzere, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona m'nyumba mwanga mpata uja umene umatseguka pakati pa iye ndi omuthamangitsa, umene ndinkauona pa YouTube pokha. Masewerawo anatha 3-2, timu yanga itawomba ka 31 ndipo inayo ka 28.

Pali zinthu zimene mnyamata wokonza uja sanachite bwino, ndipo chachikulu ndi magoloboyi. Pofuna kuchepetsa zigoli anakweza pafupifupi onse kupitirira 90, kuphatikizapo magoloboyi achiwiri amene m'ligi yeniyeni amasewera mwa apo ndi apo, ndipo anawonjezeranso luso lawo logwira puck osaibweza. Mu NHL 24 goloboyi amatopa ngati timu ina yamupanikiza nthawi yaitali, ndipo imeneyi ndi imodzi mwa mbali zimene zinabwera ndi gemu ya chaka chimenecho, koma ndi manambala amene iye anaika kutopako sikunkaonekanso. Masewera asanu otsatizana anatha 1-0 kapena 2-1, ndipo zigoli zochokera pa puck yobwezedwa ndi goloboyi, zimene ndi zambiri m'masewera enieni, zinasowa kotheratu. Ndinabwerera nayo, ndipo ndiyenera kumuyamikira kuti anakonza popanda kulipiritsanso, akutsitsa magoloboyi achiwiri ndi manambala 6 kapena 7 ndi kusiya apamwamba monga Connor Hellebuyck ndi Igor Shesterkin pamene anali.

Masiku awiri amene tinagwirizana anasanduka asanu. Iye anati magetsi anazima ali mkati mwa matimu 8 a gawo la ligi la Pacific Division asanasunge ntchito yake, ndipo anayambiranso. Kuzima kwa magetsi si mlandu wake, koma munthu amene amakhala ndi makina otere tsiku lililonse ayenera kudziwa kusunga akamaliza timu iliyonse.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi chakuti sanandiuze kuti manambala atsopanowa salowa m'chaka cha masewera chimene munthu anayamba kale mu Franchise Mode, mbali ya gemu imene umayendetsa timu imodzi chaka ndi chaka. Ndinali nditasewera masewera 40 mwa 82, timu yanga ili pamwamba, ndipo ndinazindikira ndili kunyumba kuti ndiyenera kusankha pakati pa kupitiriza ndi manambala akale kapena kuyambiranso. Ndinayambiranso. Sanandiuzenso kuti posewera ndi anthu ena pa intaneti gemu imagwiritsa ntchito manambala a kampani osati a munthu, ngakhale kuti izi kwa ine zilibe kanthu kwenikweni chifukwa bandulo yanga siilola masewera otero. Patapita sabata ndinatulukiranso kuti anali atatsitsa pang'ono liwiro la gemu yonse m'malo osinthira kaseweredwe, kumene kuli kosiyana ndi manambala a osewera. Kusinthako kunali kwabwino ndipo ndinakusiya choncho, koma ndikanakonda kuuzidwa, chifukwa kwa masiku angapo ndinkayamikira manambala pa chinthu chimene sichinachokere kwa iwo.

Amene ali ndi intaneti yodalirika adziwe kuti kuyambira pa NHL 22 gemuyi imalola anthu kugawana mindandanda ya osewera imene akonza, ndiye angathe kutenga ya wina popanda kulipira munthu. Ine ndinasankha kulipira chifukwa ndinkafuna kukhala pafupi ndi wokonzayo n'kumamuuza kuti uyu mutsitse, uyu mumusiye. Amene angapite njira yangayi apemphe kuti mndandanda watsopano usungidwe ndi dzina lakelake, wakale usafufutidwe, ndiponso kuti zonse zikopedwe pa flash, popeza PlayStation 4 imalola zimenezi ndipo mnyamata wangayu sanazichite mpaka nditamukumbutsa.

Pa nyenyezi zisanu ndikumupatsa zinayi, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha chaka changa cha Franchise chimene ndinataya. M'chaka chatsopanochi ndasewera masewera 23, ndapambana 13, ndipo McDavid ndi amene akutsogola pa mapointi m'timu yanga popanda ine kumukakamizira puck nthawi iliyonse. Dzulo ndapeza kuti osewera asanu a timu ya Seattle Kraken mnyamatayu anawadumpha ndipo akadali ndi manambala akale, koma amenewo ndikonza ndekha Loweruka likubwerali.