Bokosi la mphemvu za Dubia lomwe ndinagula ku Limbe, miyezi 7 ndili nalo kuno ku Mulanje

Ndili ndi buluzi mmodzi wa mtundu uja amati bearded dragon, kwawo kwenikweni ndi ku Australia koma wangayu anabadwira mkhola ku Johannesburg, anandisiira ndi achimwene anga pobwerera ku ntchito. Poyamba ndinkamugwirira ziwala kuseri kwa nyumba koma mtima sunkakhala mmalo chifukwa anthu kuno amapopera mankhwala mmadimba nde chiwala sungadziwe chadya chani dzulo lake. Mphemvu za mkhitchini ndiye ayi ndithu, zimayenda ponseponse mpaka mchimbudzi komanso zina zimakhala zalawa kale Doom.

Nde mu March ndinaitanitsa bokosi la mphemvu za Dubia zoti ndiziweta nkumadyetsa buluziyu kwa mkulu wina wa ku Limbe, ananditumizira pa minibasi ndinakalandira pa Chitakale. Munali chibokosi cha pulasitiki chosalala mkati, chivindikiro choboola pakati nkumatapo sefa ya waya, mathileyi a mazira 6, kamphasa kamagetsi kotenthetsera, ndi mphemvu 60, zazikulu 13 zinazo tiana. Ziwiri zokha ndi zomwe zinafera mnjira. Pa kapakidwe pokha mkuluyu ndamugomera.

Amayi ataona anangogwira pakamwa, amvekere "mwanawe, anzako akupha mphemvu iwe ukuchita kuweta? Zikathawira mnyumba muno titani?" Ndinawauza kuti amayi taimani kaye muone, ndinatenga imodzi kuiika mbeseni, inayesayesa kukwera koma imangoterereka nkugwa chagada. Apa mpomwe pali ubwino wa Dubia, ndi za ku South America izi, sizitha kukwera pulasitiki yosalala, sizilira usiku ngati nkhululu, fungo ndi lochepa kwambiri bola mukamasamala. Yaimuna ili ndi mapiko aatali ophimba msana wonse koma siuluka zenizeni, yaikazi timapiko take ndi tifupitifupi, thupi lakuda lonyezimira lonenepa.

Chomwe sindidzaiwala ndi tsiku lina mu April ndikukweza thileyi ndinapeza yaikazi ili phee pakona, pansi pake tiana toyera mbee tochepa ngati njere za mpunga, ndinawerenga mpaka 24 kenako tinayamba kubalalika. Izi siziikira mazira poyera ngati zathu zija, mazira zimasunga mmimba pafupifupi mwezi wathunthu nkubereka tiana tamoyo. Ndinaitana amayi kuti adzaone, anakhala pamenepo mphindi zambiri ndithu atawerama. Pano ndi iwo amene amandisungira mathileyi akagula mazira. Komanso mukadzaona ina yoyera thupi lonse musataye poganiza kuti yadwala, yangofundula kumene, pakapita maola ochepa imada.

Tsopano pomwe pandikhumudwitsa. Kamphasa kaja kanabwera kopanda thermostat, kachipangizo kozimitsa ndi kuyatsa magetsi kuti kutentha kusapitirire muyezo, ndipo nditafunsa wogulitsayo anati aaa musadandaule Malawi ndi dziko lotentha mwina simudzakafuna nkomwe. Munthu ameneyu sanagonepo ku Mulanje mu June. Chiperoni chikagwa kuno masiku 4 kapena 5 dzuwa osaliona, phiri lonse kubisika, zovala pachingwe osauma, makoma kuchita thukuta. Mphemvuzi kuti ziswane bwino zimafuna kutentha kwa madigiri 28 mpaka 32, kukazizira zimangounjikana malo amodzi, kudya pang'ono, kubereka kuima. Ine ndinakayatsa kamphasako usiku wonse kali pansi pa bokosi, mmawa pulasitiki inali yotentha moti kugwira kwake unkachita kuchotsa dzanja msanga, ndipo magetsi akazima mkati mumazizira zii pasanathe maola awiri. Kuonjezera apo chinyezi chinabweretsa chuku pa nthochi yomwe ndinaisiya masiku atatu, mathileyi nawo kufewa. Mwezi umenewo ndinataya mphemvu 15, zambiri tiana, zinandipweteka zedi chifukwa kamwana kamodzi kuti kakule nkuyamba kubereka pamapita miyezi 4 mpaka 6.

Ndinachita kudzifufuzira ndekha thermostat ndi ka thermometer, kamphasako ndinakamata mmbali mwa bokosi mbali imodzi yokha kuti zikamva kutentha zizithawira kwinako. Magetsi akapita ndimadzaza botolo ndi madzi otentha, kulikulunga mchitenje nkulitsamiritsa kunja kwa bokosi, pamwamba bulangete koma sefa ija osaitseka. Chonde osayandikiza mbaula. Zinthu zimenezi wogulitsa amayenera kunena kapena kungolemba pa kapepala, si aliyense angazitulukire mphemvu zisanathe.

Zakudya sizivuta. Gaga wouma ndi ka growers ka nkhuku pa kambale kake, madzi zimapeza mmalalanje ndi karoti, mbale ya madzi osaika tiana timamira. Chipatso chikagona tsiku limodzi ndimachotsa. Zomwe ndikufuna kumupatsa buluzi ndimazipatula dzulo lake nkuzidyetsa chinainizi ndi maungu, kenako kuziwaza ufa wa calcium, ndipo kukula kwa mphemvuyo kusapose mpata wa pakati pa maso awiri a buluziyo. Nyerere nazo ndi mdani wamkulu, miyendo ya tebulo ndinaiika mzitini za madzi. Posesa zitosi za mphemvuzi valani masiki, ine fumbi lake limandiyetsemulitsa.

China chomwe chili pamtima panga. Mnyamata wina anandifunsa ngati angagule bokosi ngati ili kuti azidyetsera nanzikambe yemwe akufuna kukagwira kuphiri. Ndinamukaniza. Mphiri la Mulanje muli mitundu ya nanzikambe yomwe kwina kulikonse padziko kulibe, wina mpaka dzina lake la sayansi ndi Nadzikambia mlanjensis, mukulimva nokha kuti linachokera ku chilankhulo chathu, ndipo nkhalango yake ikutha kale ndi moto ndi makala. Amenewo asiyeni komweko.

Bokosilo ndingagulenso, ndipo wa ku Thyolo kapena Mulanje amene ali ndi buluzi kapena chule woweta ndinganene kuti gulani, koma musalipire asanaikemo thermostat, ndipo yambani mu September kukayamba kufunda. Langa layambanso kuswa masabata atatu apitawa, dzulo ndapeza zazikazi ziwiri zili ndi tiana pansi pa thileyi imodzi.